Mseu wa Great East Uli ndi Mbali Ziwiri

Mnzanga wacinyamata, ngati ukhala ku Kaunda Square kapena ku Chelstone, mseu wa Great East umaupondaponda tsiku ndi tsiku. Koma kodi udziwa kumene ucokera ndi kumene upita?

Mseu umenewu uyambira pa Kabwe Roundabout, kumapeto kwa Cairo Road. Ukakwera minibasi pamenepo, udzapita pa Northmead ndi kufika pa Manda Hill, pafupi ndi nyumba ya malamulo. Patsogolo pang'ono pali holo ya Mulungushi, imene inamangidwa mu 1970 kuti ilandire atsogoleri a maiko osagwirizana ndi mbali iliyonse. Kenaka ndi yunivesite ya UNZA, imene inatsegulidwa mu 1966. Ukapitirira Munali ndi Chainama wafika ku Chelstone, ndipo kondakitala akuuza kuti useluke.

Basi yathera pamenepo, koma mseu ukali kupita. Upyola Chongwe, uwoloka mlatho wa Luangwa wa mu 1968, ndi kukafika ku Chipata, makilomita pafupifupi 570 kucokera mu Lusaka. Lusaka atakhala likulu la dziko mu 1935, anthu ambiri a kum'mawa anabwera kudzafuna nchito kudzera njira yomweyi. Cinyanja cimene tilankhula m'makomboni cinakwera nao malole.

Atate anga ndi mmodzi wa amene anabwera pambuyo pake. Anacoka ku Katete ndi kacola kamodzi cabe. Ine ndinabadwira kuno, ndipo ndaona cinthu cimene cindidetsa nkhawa. M'gulu lathu la acinyamata tili ambiri amene makolo athu ndi a kum'mawa, koma ndi ocepa amene anaonapo mudzi wa agogo ao. Timadikira uthenga wa maliro ndiye tiyambe kufunafuna ndalama za basi. Tikafika, munthu amene akanatiuza mbiri ya banja lathu ali m'bokosi.

Akulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mseu umene unabweretsa makolo athu m'tauni uli ndi mbali ina yobwerera. Yamba lero kusunga tindalama pang'onopang'ono. Masukulu akatseka, gula shuga ndi sopo, ukwere basi pa Intercity, ukawapeze agogo akali moyo. Ukawafunse dzina la mfumu ya m'mudzi mwanu ndiponso mfunda wanu.