Fizi imene ndinadyera achemwali anga

Sabata ino ndiloleni ndiulule nkhani ya kwathu.

Chaka china fodya sanayende bwino ku okushoni, ndipo bambo anatiitana pakhonde. Ndalama ya fizi inali yokwanira mwana mmodzi. Achemwali anga anali mu Fomu 3, ine ndinali nditangosankhidwa kumene kupita ku Fomu 1. Mlandu wake sunachedwe: "Uyu adzakwatiwa, apite mnyamatayu." Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino, osamva kuti kuchipinda kwina munthu akulira.

Achemwali anakhala pakhomo zaka zinayi. Kenaka, ndi ndalama za zitumbuwa, analowa sukulu yamadzulo nalemba mayeso a MSCE. Anakhoza kuposa ine, koma ndalama ya kukoleji panalibe, choncho analowa ntchito yaukalaliki m'boma. Ine ndinapita ku yunivesite, ndipo tsiku langa loyamba m'boma ndinakhala pampando umene iwo sanaufikebe mpaka lero. Atapita kukayesedwa kuti akwezedwe, anafunsidwa ngati amuna awo angawalole kusamukira kutali, komanso kuti ana adzawasamala ndani. Inenso ndili ndi ana, koma funso limeneli palibe anandifunsapo.

Malamulo tili nawo. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Gender Equality Act, lomwe limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, ndipo asapyole 60. Nthawi imeneyo dziko linkatsogozedwa ndi mayi Joyce Banda, ndipo m'chaka chomwecho mayi Anastasia Msosa anakhala mkulu wa makhothi onse. Mu 2019 mayi Catherine Gotani Hara anasankhidwa kukhala Sipikala woyamba wamkazi. Mayina awa timawatchula monyadira. Komatu lamulo lija silikakamiza kulemba munthu amene alibe mapepala oyenera ntchitoyo, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Mapepala a achemwali anga sanasowere ku Capital Hill. Anasowera pakhonde lathu, m'banja lopemphera Korona madzulo alionse. N'chifukwa chake mukalowa m'maofesi mumapeza amayi ambiri pa unamwino, pa uphunzitsi wa kupulayimale ndi pa ukalaliki, koma mukamakwera masitepe chiwerengero chawo chimanka chichepa.

Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake yolembera amayi mu 1995, anapempha malipiro ofanana pa ntchito yofanana, chitetezo kwa amayi a ana amene ali pantchito, ndi chilungamo pokweza anthu. Ndinaiwerenga mochedwa, nditadya kale za eni.

Lero ndimalipirira fizi mwana wawo wamkazi, amene ali mu Fomu 3. Ndinayesa kupepesa tsiku lina tikuchokera ku Misa, koma achemwali anangoseka. "Achimwene, inu munali mwana," anatero. Kenaka anandifunsa ngati ya temu ikubwerayi ndayamba kale kusunga.