Mwana wa ku Kabale

M'kalasi mwathu tilimo anthu 23. Ambiri ndife amai, abambo alipo asanu okha. Timakumana masana tikaweruka kumunda, pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa sukulu ya ana. Mudzi wathu uli ku Angónia, kufupi ndi malire a Malawi.

Miyezi itatu yapitayo mmodzi wa abambo asanu aja analeka kubwera. Ndi bambo aakulu, a imvi. Pa nthawi ya nkhondo anatengedwa ali mnyamata wa zaka 15, napatsidwa mfuti. Sukulu anailekera m'kalasi yaciwiri. Tsiku lina ana a sukulu anawaona akulimbana ndi cilembo ca "g" pa bolodi, ndipo anaseka. Bambowo anapinda kope lao, naliika m'thumba, nacoka.

Loweruka tinawatsatira kwao. Anatiyalira mphasa, natimvera. Kenaka anati: "Ine ndakalamba. Dzanja limene linazolowera mfuti ndi khasu silingagwire pensulo. Ndisiyeni."

Tinasowa conena. Aphunzitsi athu ndiwo anafunsa kuti: "Bambo, kodi mwamuiwala munthu uja tinkamumvera Lacitatu usiku?"

Sanamuiwale. Ifenso sitinamuiwale. Tiyeni tikuuzeni za iye, anzathu.

Mu 1986 ambiri a ife tinathawira ku Malawi, ena ku Dedza, ena ku Ntcheu. Aphunzitsi athu anali mwana nthawi imeneyo. Analowa sukulu kumeneko ndipo anaphunzira Cingelezi. Mtendere utabwera mu 1992 tinayamba kubwerera kwathu. Patapita zaka, iwo anagula wailesi ya mabatire anai, yogwira maiko akutali. Lacitatu lililonse, titatha kudya nsima, tinkasonkhana pakhonde pao. Poyamba wailesi inkangosokosa ngati mvula pa malata. Kenaka pankamveka mau a mwamuna wolankhula mosafulumira. Aphunzitsi ankamvera pang'ono, natimasulira, namveranso, natimasuliranso.

Mwamunayo dzina lake Shaka Ssali. Pulogalamu yake dzina lake Straight Talk Africa, ndiko kunena kuti kulankhula mosapsatira za Afirika. Inkacokera mu mzinda wa Washington, ku Amereka, pa wailesi ya Voice of America. Inkamveka pa wailesi ndi kuoneka pa wailesi ya kanema nthawi imodzimodzi. Ife tinkadziwa mau ake okha. Nkhope yake tinadzaiona pambuyo pake, pa foni ya aphunzitsi: bambo wovala jekete ndi tayi, atakhala pa tebulo ndi alendo ake.

Koma munthu ameneyu sanabadwe ndi tayi.

Anabadwa mu 1953 ku Kabale, kumwera cakumadzulo kwa dziko la Uganda, kufupi ndi malire a Rwanda. Kabale ndi dziko la mapiri ndi lozizira. Anthu ake amalima m'mbali mwa mapiri. Amalima mapira, nyemba ndi mbatata ya kacewere. Aphunzitsi atatiuza zimenezi tinaseka, tinati: kumeneko ndi ku Angónia komwe. Iye mwini sanabise kwao. Ngakhale atakhala zaka zambiri ku Amereka, ankakonda kudzinena kuti ndi mwana wa ku Kabale.

Analowa sukulu ngati ana ena, nafika ku sekondale. Koma sanamalize. Anasiya, ndipo mu 1968 analowa usilikali ali ndi zaka pafupifupi 16. Anali m'gulu la asilikali amene amadumpha m'ndege ndi cinsalu conga ambulera. Anakwera mpaka pa udindo umene kuno timati tenente.

Mu 1971 mkulu wa asilikali, Idi Amin, analanda boma m'manja mwa Milton Obote. Zaka zimene zinatsatira zinali zoopsa. Anthu ankatengedwa usiku osabwereranso, ndipo asilikali omwe sanali pa mtendere. Mu 1974 asilikali ena anayesa kucotsa Amin koma analephera. Dzina la Shaka Ssali linamveka pa nkhani imeneyo. M'dziko la Amin, dzina lako likamveka pa nkhani yotere, sugona tulo. Mu 1976 anacoka m'dziko lake napita ku Amereka. Amin anagwa mu 1979, atagonja kwa asilikali a Tanzania. Dziko lathu la Mozambiki linatumizako asilikali okathandiza Tanzania pa nkhondo imeneyo.

Taganizani za mnyamata ameneyu tsiku limene anatsika ndege. Ali ndi zaka 23. Kwao sangabwerere. Pepala la sukulu alibe. Cimene amadziwa ndi mfuti ndi kudumpha m'ndege, ndipo ku dziko la eni palibe amene akufuna zimenezo kwa iye. Ife kuthawa timakudziwa. Timadziwa kuima pa mzere ndi khadi m'manja, kudikira ufa ndi nandolo. Timadziwa mmene mtima umawawira ukamakumbukira munda wako umene ukumera chire.

Iye anabwerera ku sukulu. Anakhala pa benci limodzi ndi acicepere amene sanaonepo nkhondo. Sanathamange, cifukwa sukulu ilibe njira yacidule. Anakwera kalasi ndi kalasi, caka ndi caka, mpaka analandira digiri ya udokotala pa University of California, mu mzinda wa Los Angeles. Si udokotala wa jekeseni ai. Ndi udokotala wa maphunziro. Iye anaphunzira mbiri yakale, ndiponso mmene anthu a mitundu ndi miyambo yosiyana amalankhulirana ndi kumvana.

Mu 1992, caka comwe ife tinalandira mtendere, analembedwa nchito ku Voice of America. Mu 2000 anayamba Straight Talk Africa. Anaiyendetsa zaka zoposa 20, mpaka anapuma mu 2021.

Kodi nchito yake inali ciani? Ena a ife tinkaganiza kuti muulutsi ndi munthu wa pakamwa, wodya ndalama ndi lilime. Tinadzaona kuti si conco. Pa ola lonse la pulogalamu, iye ankalankhula pang'ono kuposa alendo ake. Nchito yake inali kufunsa.

Ankasankha nkhani imodzi: cisankho m'dziko lakuti, nkhondo, njala, katangale, acinyamata osowa nchito. Ankaitana alendo, nthawi zambiri anthu osagwirizana, wina wa boma, wina wotsutsa boma. Ankawapatsa mpata mmodzimmodzi. Kenaka ankatsegulira omvera. Munthu wamba ankaimba foni ali ku Nigeria, ku Kenya kapena ku Zambia, nafunsa nduna funso lake, dziko lonse likumva. Apa ndi pamene pakhonde pathu pankakhala cete. Ife tinakulira m'nthawi imene munthu wamkulu akabwera pamudzi, timavina, timaomba m'manja, iye amalankhula, nakwera galimoto. Kufunsa kunalibe. Tsono kumva mlimi kapena mwana wa sukulu akufunsa nduna, ndunayo nkumayankha, zinali zacilendo kwa ife.

Anaceza ndi atsogoleri ambiri a maiko. Anaceza ndi Levy Mwanawasa wa ku Zambia, Jakaya Kikwete wa ku Tanzania, Ellen Johnson Sirleaf wa ku Liberia, ndiponso Yoweri Museveni, mtsogoleri wa dziko lake lomwe.

Kafunsidwe kake kankatigawa. Iye ankayamba ndi ulemu waukulu. Ankalandira mlendo ndi mau aataliatali, kunena kuti walemekezeka kwambiri ndi kudzicepetsa kwambiri pomulandira. Aphunzitsi ankavutika kumasulira mau amenewo, ife tikuseka. Acinyamata ankati: "Akuwanyengerera! Munthu wakuba ndalama za dziko umamupatsa moni wotere?" Mai wina wokalamba, amene tsopano anatisiya, ankawayankha kuti: "Ana inu, nkhuku suigwira ndi mwala m'manja. Umayamba wamwaza cimanga." Ndipo zinalidi conco. Moni ukatha, funso linkabwera. Mlendo akazungulirazungulira osayankha, iye sankakalipa. Ankamudikira amalize, nafunsanso funso lomwelo ndi mau ena.

Ife tikuganiza kuti mai uja ananena zoona, ngakhale masiku ena nafenso tinkalakalaka atawapanikiza koposa.

Cinthu cina tinacizindikira mocedwa. Munthu sungafunse bwino usanawerenge. Mtsogoleri akanena kuti sanalonjezepo zakutizakuti, Shaka Ssali ankamukumbutsa caka ndi malo amene analonjezera. Zimenezo sizicokera m'mutu mokha. Zimacokera m'mabuku ndi m'manyuzipepala. Makolo anati safunsa anadya phula. Koma ife phula talidya kambiri tikufuna kufunsa, cifukwa sitinkadziwa cimene calembedwa pa pepala lili patsogolo pathu. Tinkangodinda cala. Ukadinda cala pa pepala limene sunawerenge, mawa ufunsa ciani? Adzakuonetsa cala cako comwe.

Tisabise cinthu cimodzi. Wailesi iliyonse ili ndi mwini wake. Voice of America ndi wailesi ya boma la Amereka, ndipo ndalama zake zimacokera kumeneko. Tinkamvera tikudziwa zimenezo, monga timamvera Rádio Moçambique tikudziwa mwini wake. Ndipo mwini akafuna amatseka. M'mwezi wa Marici 2025 boma la Donald Trump linaimitsa anchito ambiri a wailesi imeneyi, mapulogalamu ake nkuti zii. M'mwezi womwewo, pa 27, Shaka Ssali anamwalira ku Virginia, ali ndi zaka 71. Aphunzitsi anationetsa uthengawo pa foni. Tinakhala cete ngati wamwalira munthu wa m'mudzi mwathu, cikhalireco iye sanadziwepo kuti kuli mudzi wotere.

Anali ndi mau amene ankakonda kubwereza potseka pulogalamu. Ankalangiza omvera kuti munthu ayesetse kukhala wabwinoko, osati wowawidwa mtima. Pakamwa pa munthu wina mau amenewa akanakhala opepuka. Koma ankawanena ndi munthu amene anasiya sukulu, anagwira mfuti ali mwana, nathawa kwao.

Izi ndi zimene tinakumbutsana pa mphasa paja Loweruka lija. Bambo aja anamvera zonse, mutu uli pansi. Potsiriza anati: "Uyo anabwerera ku sukulu ali ndi zaka 23. Ine ndili ndi zoposa 50. Ndiponso kuno si ku Amereka."

Ananena zoona. Palibe mwa ife amene adzafike ku California. Aphunzitsi sanawatsutse. Anangoti: "Bambo, ife sitikufuna udokotala. Tikufuna munthu woti akatifunsire pa msonkhano wa soya."

Nkhani ya soya ndi iyi. Kuli ogula ena amene amatikongoza mbeu ndi feteleza mvula isanagwe. Tikakolola timagulitsa kwa iwo, ndipo amadula ngongole yao. Caka catha ambiri tinabwerako ndi ndalama zocepa kuposa zimene tinkayembekeza. Titadandaula anationetsa mapepala okhala ndi zala zathu.

Lolemba bambo aja sanabwere. Lolemba linalo sanabwerenso. Tinati basi, tawataya. Sabata yacitatu tinawaona akubwera ndi kope lao, nakhala kumbuyo kwenikweni, kumene ana a sukulu sangawaone. Palibe anawafunsa kanthu. Mai wina anangowasunthira mwala wokhalapo.

Msonkhano unacitika sabata yatha, pabwalo la amfumu. Ogula aja anabwera ndi galimoto ndi mapepala atsopano. Aphunzitsi anapempha pepala limodzi, ndipo tinaliwerenga pamodzi, cilembo ndi cilembo. Linali m'Cipwitikizi, koma manambala ndi amodzi m'zilankhulo zonse. Tinapeza dzina la mbeu. Tinapeza ciwerengero ca matumba. Pamalo pa mtengo panalibe kanthu.

Bambo aja anali atalemba funso m'kope lao, ndi dzanja lao. Anaimirira, navula cipewa. Anayamba ndi kuthokoza amfumu. Anathokoza alendo cifukwa ca ulendo wautali, nawafunira moyo wabwino iwo ndi ana ao. Ife a pakhonde paja tinayang'anana. Kenaka anatsegula kope, naika cala pansi pa mzere, nawerenga pang'onopang'ono:

"Thumba limodzi la feteleza mudzatidula ndalama zingati? Bwanji mtengo sunalembedwe apa?"

Mkulu wa ogula aja analankhula nthawi yaitali. Ananena za kukwera kwa mafuta, za misewu yoipa, za ubale wabwino umene ulipo pakati pa iwo ndi alimi. Bambo aja anadikira ali ciimire mpaka anamaliza.

"Pepani bwana," anatero, "mwina makutu angawa akalamba. Thumba limodzi, ndalama zingati?"

Mkuluyo anati akafunsa ku ofesi, adzabwera ndi yankho. Tsiku limenelo palibe anadinda cala. Amfumu anasunga mapepala onse m'nyumba mwao.

Mitambo yayamba kusonkhana ku mapiri a Dómuè, ndipo feteleza tilibe. Ena a ife ayamba kunong'ona kuti kukanakhala bwino tikanangodinda. Ogula aja anati adzabwera Lacisanu. Dzulo bambo aja anakhala pa mzere waciwiri. Cilembo ca "g" cikuwavutabe, mcira wake amaukhotetsera kumanja.