Njinga yopanda mabuleki ndi ulendo wa mng'ono wanga

Mng'ono wanga akufuna kupita ku Joni. Kwa zaka zitatu wakhala akuchita kabaza wa njinga yamoto pakati pa Chinkhoma ndi Kasungu boma, ndipo anzake amene anatsogola akumuuza kuti ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuli ntchito yokasiya chakudya ndi katundu m'makomo mwa anthu pa njinga. Amayi safuna n'kumva komwe. Ine, poti ndine wamkulu, ndili pakati: amayi akuti ndimuletse, iyeyo akuti ndimubwereke ya pasipoti ndi ya basi.

Chimene chandithandiza kuiganizira bwino nkhaniyi ndi masewera amene kuno kwathu kulibe, otchedwa speedway. Anandionetsa ndi iye yemweyo pa YouTube. Okwera anayi amathamanga pabwalo lozungulira la dothi, kuzungulira kanayi, mpikisano n'kutha pa mphindi ngati imodzi basi. Njinga zake ndi za 500cc, zimamwa methanol osati petulo, giya ndi imodzi, mabuleki palibe. Pokhota, wokwera amapendeka njinga kuti tayala lakumbuyo lizitsetsereka, phazi lamanzere lovala nsapato yachitsulo likukhula pansi. Woyamba amapeza mapointi 3, wachiwiri 2, wachitatu 1, womaliza palibe.

"Achimwene, taonani fumbilo," anatero akuseka. "Si la ku Chamama ili mwezi wa October?"

Iye ankaona liwiro. Ine ndinayamba kufufuza kuti anthuwa amadya bwanji. Maligi akuluakulu ali ku Poland, ku Britain ndi ku Sweden, ndipo m'matimu ake mwadzaza alendo ochokera ku Australia, ku Denmark ndi kwina. Wokwera mmodzi atha kusewerera timu ya ku Poland Lamlungu, Lachiwiri n'kukapezeka ku Sweden, Lachinayi ali ku England. Njinga ndi zake, makaniko amalipira yekha, injini ikafuna kukonza ndalama ituluka m'thumba mwake. Gawo lalikulu la malipiro limabwera malinga ndi mapointi amene wapeza. Akamaliza pambuyo, mafuta wawotcha koma m'thumba simulowa kanthu.

Apa m'pamene ndinakumbukira bambo athu malemu. Anachoka ku Phalombe kudzakhala tenanti pa esiteti ina kuno ku Kasungu. Chimanga, ndiwo ndi feteleza ankatenga pa ngongole, ndipo ankadziwa zimene apeza pokhapokha mabelo akagulitsidwa ku okushoni, bwana atadula zake zonse. Chaka china chigafa chinadzaza bale, koma atawerengera anatsala ndi ndalama yosakwana kukaona kwawo. Mlendo wodya za m'manja mwake ali choncho kulikonse: zikayenda bwino mumagawana, zikavuta chitayiko n'chako wekha. Ngakhale kabaza wa mng'ono wanga ndi momwemo. Njinga ndi ya mwini, ndipo madzulo aliwonse mwiniyo amafuna yake, kaya kunagwa mvula kaya makasitomala kunalibe.

Pa okwera onse amene ndinawerenga mbiri zawo, amene wandikhala mumtima ndi Ivan Mauger wa ku Christchurch, New Zealand. Anabadwa mu 1939, ndipo mu 1957, ali ndi zaka 17, anakwera sitima yapamadzi pamodzi ndi mkazi wake kupita ku England kukayesa mwayi ku timu ya Wimbledon ya ku London. Zinthu sizinamuyendere. Mpata wothamanga unkasowa, moti ankadalira ganyu yosamalira bwalo la timuyo kuti apeze ya lendi. Patangotha nyengo ziwiri anabwerera, wopanda chikho, wopanda dzina.

Kuno kwathu munthu wotere timamudziwa mmene timamulandirira. "Wabwera chimanjamanja uja." "Anzake akumanga nyumba zamalata, iye wabwera ndi chikwama." Koma Mauger sanasiye njinga. Anapitiriza kuthamanga ku New Zealand ndi ku Australia, kuphunzira kukonza injini ndi kunyamuka mwachangu poyambira. Mu 1963 anabwereranso ku England, ulendo uno ku timu ya Newcastle, ali munthu wokhwima. Kenako anasewerera Belle Vue ya ku Manchester, Exeter ndi Hull. Anakhala katswiri wa dziko lonse kasanu ndi kamodzi: 1968, 1969, 1970, 1972, 1977 ndi 1979. Njinga imene anapambanira mu 1970 inakutidwa ndi golide, ndipo inakasungidwa ku Canterbury Museum kwawo ku Christchurch. Anamwalira mu 2018.

Ngakhale kuno kum'mwera kwa Africa kunachokera ena oyenda njira yomweyo. Mike Ferreira wa ku Zimbabwe anakasewerera timu ya Canterbury ku England, ndipo mu 1981 anapambana mpikisano wa okwera a National League.

Koma ndikanangomuuza mng'ono wanga za opambana okhaokha, ndikanamunamiza. Darcy Ward wa ku Australia anali mnyamata amene aliyense ankati adzakhala katswiri wa dziko lonse. Anali atatenga kale ukatswiri wa osapitirira zaka 21 kawiri, mu 2009 ndi 2010. Mu August 2015, pa masewera a ligi ku Zielona Góra m'dziko la Poland, anagwa n'kuvulala msana. Anali ndi zaka 23, ndipo kuyambira pamenepo amayendera njinga ya olumala. Chimene chinamuthandiza n'chakuti sanali yekha: anzake, matimu ndi ochemerera anasonkha ndalama za chithandizo chake mpaka anabwerera kwawo ku Australia.

Ndiye ndinadzifunsa: mnyamata wa ku Chinkhoma akagundidwa pa maloboti ku Johannesburg, pizza ya munthu ili m'bokosi kumbuyo, amudziwe ndani? Ngati akugwiritsa ntchito akaunti yobwereka ya mnzake, monga ena amachitira, dzina lake silipezeka paliponse. Ngati mapepala ake si abwino, adzaopa ngakhale kupita kuchipatala. Ndipo akachira, njinga itaphwanyika, mwini wake akufuna ndalama, kodi adzalimba mtima kuimba foni kunyumba n'kunena kuti zakanika?

Apa m'pamene pali mantha anga enieni. Ngozi ilipo ngakhale pa M1 pomwepa, tonse tikudziwa mmene a kabaza akuthera. Chimene ndimaopa kwambiri ndi manyazi. Mawu akuti matchona sanayambe lero. Agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku mafamu a ku Rhodesia, ena osabwereranso. Si onse amene anaiwala kwawo. Ena anangoopa kufika pakhomo opanda sutikesi. Bambo athu omwe anatha zaka zambiri osaponda ku Phalombe, osati chifukwa sankakufuna, koma ankati, "Ndikawauza chiyani abale anga?" Mauger akanachita manyazi otere, bwenzi atakalamba akusesa bwalo la eni ake ku London. Anabwerera, n'kukonzekanso, n'kupitanso.

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, choncho sindimuletsa. Koma sabata yatha tinakhala pakhonde atatu, ine, iye ndi amayi, n'kugwirizana zinthu zitatu. Choyamba, sanyamuka asanakhale ndi pasipoti yake ndi laisensi ya njinga yamoto. Zodutsira m'tchire ayi. Chachiwiri, asanakwere njinga ya munthu aliyense kumeneko, afunse zimene okwera a speedway amafunsa asanasaine: njinga ikawonongeka akonza ndani, ndikavulala alipira ndani, ndipo pa ndalama ya sabata yanga yeniyeni ndi iti. Chachitatu ndi changa. Ndalama ya basi yobwerera ndaika padera, ikhala mu foni ya amayi, ndipo palibe woikhudza, kaya feteleza akwere bwanji.

"Ndiye kuti mukuyembekeza kuti ndikalephera, eti?" anafunsa.

"Ayi, iwe. Ndikufuna udziwe kuti tsiku limene udzafune kubwera, palibe adzakufunse kuti wabwera ndi chiyani."

Amayi sanayankhule nthawi yaitali. Kenako anangoti mwana wawo asapite msika wa fodya usanatseke, poti ino ndi nyengo imene kabaza amalipira, ndipo akagule chisoti chabwino, osati chosweka chimene amavala pofuna kungodutsa pa apolisi. Iye wavomera. Fomu ya pasipoti tikukadzaza Lolemba.