Chitini cha Gogo

Loweruka lina ndinapalasa njinga kuchoka ku Kapata, kutsata msewu wa ku Chadiza, kukayendera odwala. Mapiri ozinga Chipata atatsalira kumbuyo, ndinafika pakhomo pa gogo wina wamasiye, amene amuna awo anali wophikira ansembe pa mishoni. Titatha mapemphero, gogoyo anatulutsa chitini cha dzimbiri nakhuthulira pamphasa.

"Aphunzitsi, anandisiyira izi malemu. Kodi sizingagule thumba la feteleza?"

Zinali ndalama zakale. Ndinazindikira peni yobowola pakati ya njovu ziwiri, ya m'nthawi ya Chitaganya chimene chinatha mu 1963. Panalinso tiki, susupensi, ndi mangwee oyamba a 1968. Koma imodzi inali yachilendo: yotuwa, yopepuka, yopanda nkhope ya mfumu. Inalembedwa 10 Pfennig, 1918, ndi dzina la fakitale. Malemuwo anapatsidwa ndi wansembe wa ku Germany.

Ndalama zotere Ajeremani amazitcha Notgeld, ndiye kuti ndalama za pamavuto. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 mkuwa unapita kopangira zipolopolo, ndipo ndalama zazing'ono zinasowa. Tsono mizinda ndi makampani anayamba kusula zawozawo ndi chitsulo kapena zinki, kuti apeze cholipirira antchito. Wantchito akapita nayo kutali, inali kachitsulo chabe. Lero ku Ulaya kuli anthu amene amazisonkhanitsa ndi kuzisanja m'mabuku monga mwa mzinda ndi kampani, koma zambiri mtengo wake ndi wochepa, pakuti zinasulidwa zochuluka.

Pobwerera ndinaganiza za ife eni Chipata. Mjeremani wina, Carl Wiese, analandira chilolezo kwa Mpezeni, ndipo pepalalo linagwa m'manja mwa kampani ya North Charterland mu 1895. Minda ya fodya itazungulira Fort Jameson, makolo athu ankagwira ntchito ya tikiti: kapitawo akapanda kuchonga tsiku, thukuta la tsikulo linapita pachabe. Tikiti ndi kachitsulo ka gogo n'zapachibale. Zonse ziwiri ndi lonjezo la wolemba ntchito, ndipo mphamvu yake imatha pamene mwini lonjezo watha.

Kunena zoona kwa gogo kunandilemera, koma sindikanawanamiza. Ndinawauza kuti chitinicho sichingagule ngakhale mbale ya feteleza, koma asachitaye, adzukulu adzaphunzirirepo mbiri. Anaseka pang'ono nati, "Chabwino, ndizisunga. Malemu ankazipukuta Lamulungu lililonse."

Mawa lake ndinakatula nkhaniyi ku Mphakati wa m'mudzimo. Mvula isanagwe, akhristu anasonkha mbewu ndi manyowa, ndipo achinyamata anakalima munda wa gogo.

Inu amene muli ndi wantchito pakhomo kapena kumunda, kodi mwezi uno mwamlipira ndi ndalama, kapena ndi lonjezo?