Mazenera a ku Jeddah Wakale: Phunziro kwa Omanga Nyumba M'mbali mwa Nyanja

Abale athu ambiri amene adapeza mwayi wopita ku Hajj kapena Umrah amaudziwa mzinda wa Jeddah ngati pongodutsira chabe. Ndege ikatera, ulendo umakhala wolunjika ku Makkah, mtunda wa makilomita oposa 70. Pobwerera, amene ali ndi nthawi amathamangira m'masitolo kukagula tende, miswala ndi mikanjo ya ana. Koma mkati mwa mzindawu muli dera lakale lotchedwa Al-Balad. Munthu aliyense amene njerwa adawotcha kale ndipo akungodikira mmisiri angapindule kwambiri atayendamo ngakhale ola limodzi, maso ali m'mwamba kuyang'ana mazenera.

Jeddah ali m'mbali mwa Nyanja Yofiira. Khalifa Uthman bin Affan ndiye adausandutsa doko la Makkah m'chaka cha 647, ndipo kuyambira pamenepo zombo za amalonda ndi za anthu opita ku Hajj zakhala zikukocheza pomwepo. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869 malonda adakula, ndipo mabanja olemera adamanga nyumba zosanja, zina kanayi, zina kasanu. Linga lozungulira mzindawu adaligwetsa mu 1947. M'chaka cha 2014 bungwe la UNESCO lidaika Al-Balad pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse.

Kutentha kwa ku Jeddah ndi kuja kwa chinyontho, kokhetsa thukuta usana ndi usiku. Taganizirani za ku Mangochi mwezi wa Novembala mvula isanagwe, koma nyengoyo n'kutenga miyezi yambiri. Amene adamanga nyumba zimenezi adalibe magetsi, fani ngakhale makina oziziritsa m'nyumba. Adali ndi mphepo ya kumpoto yochokera panyanja, miyala, matabwa ndi nzeru basi.

Mukalowa m'derali kudzera mumsika wa Souq al-Alawi, choyamba kuchimva m'thupi ndi mthunzi. Tinjira take n'topapatiza, nyumba n'zazitali, motero dzuwa limafika pansi kwa nthawi yochepa. Makoma adamangidwa ndi miyala yosema yochokera m'nyanja, ndi ochindikala, ndipo adawazira njereza yoyera. Mukayenda pang'ono mumafika pa nyumba yotchuka ya Bayt Nassif, yomwe idamangidwa kuyambira 1872 mpaka 1881. Mfumu Abdulaziz idakhalamo italowa mu Jeddah mu 1925. Kutsogolo kwake kuli mtengo wa nimu, womwewu timaudziwa ku Salima ndi ku Mangochi, ndipo kale anthu ankangoitchula nyumbayi kuti nyumba ya pamtengo, popeza mitengo idali yosowa mumzindamo.

Chimene chimakopa maso kwambiri ndi mazenera. Eni ake amawatcha rawashin, limodzi ndi roshan. Roshan ndi zenera lamatabwa lotulukira kunja kwa khoma ngati kabati yaikulu yopachikidwa m'mwamba. Ena ndi ofiirira, ena obiriwira, ena amtundu wa mtambo, ndipo pa nyumba zina amayambira pansi mpaka kudenga. Matabwa ake ambiri ankabwera pa zombo kuchokera ku India ndi ku Java. Galasi mulibe. M'malo mwake muli timatabwa topendeketsa ndi tina tolukanalukana, komanso zitseko zing'onozing'ono zomwe munthu amakweza kapena kutsitsa monga afunira.

Zenera limodzi lotere limagwira ntchito zinayi. Limatchinga dzuwa lisanafike m'chipinda, chifukwa kuwala kumayamba kwagunda matabwa kunja. Limalowetsa mphepo kuchokera kutsogolo ndi m'mbali zonse ziwiri, popeza ndi lotulukira kunja. Limasefa kuwala kotero kuti munthu amatha kuwerenga masana popanda nyali, maso osathobwa. Limasunganso ulemu wa banja: amayi ndi ana amaona zonse zochitika mumsewu, koma wodutsa saona za m'nyumba. Mkati mwake mudali pokhala, pena pogona ndithu, ndipo ankaikapo mitsuko ya madzi akumwa kuti mphepo iziwaziziritsa, monga momwe mtsuko wa agogo umachitira pakhonde.

Chuma cha mafuta chitabwera, mabanja ambiri adasamuka ku Al-Balad n'kukamanga nyumba za simenti ndi magalasi akuluakulu kunja kwa mzinda wakale. Nyumba zimenezo sizikhalika makina oziziritsa akazima, ndipo ku Saudi Arabia makinawa amadya magetsi oposa theka la onse amene mabanja amagwiritsa ntchito. Nyumba zina zakale zidagwa, zina zidapsa, ndipo boma lakhala likukonzanso zotsalazo. Akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera.

Tsono ife a ku Nkhotakota, Chipoka, Makanjira ndi kwina titengepo chiyani? Sitikunena kuti mukasemetse roshan. Mlombwa ndi mbawa zikusowa ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba. Phunziro lake ndi ili: kumalo otentha, zenera lopulumutsa magetsi ndi limene limakaniza dzuwa koma n'kulola mphepo. Masiku ano ambiri tikuchita zosiyana. Timaika galasi lalikulu loyang'ana kumsewu kuti odutsa aziyamikira, kenaka n'kulitseka ndi makatani ochindikala, n'kuyatsa getsi masana, n'kugula fani.

Choyamba kuganizira ndi mbali imene zenera liyang'ane, ndipo zimenezi zimakambidwa maziko asanakumbidwe. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa limadutsa pafupifupi paliwombo penipeni, choncho makoma a kumpoto ndi kum'mwera salandira dzuwa lambiri ngati denga lidatulukira kunja mokwanira. Makoma ovutika ndi a kum'mawa ndi kumadzulo. Dzuwa la kuyambira nthawi ya Asr mpaka Maghrib limalowa mopingasa mpaka pabedi, khoma n'kusunga kutenthako usiku wonse. Ikani mazenera aakulu kumpoto ndi kum'mwera. Mwayi wathu ndi woti mphepo zathu zimachokeranso komweko: mpoto m'nyengo yotentha, mwera m'miyezi yozizira. Mwezi wa Juni dzuwa limapendekera kumpoto, ndipo kadzuwa kolowa pa zenera la mbali imeneyo kamakhala kokoma.

Apa abale a kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, monga ku Malindi ndi ku Makanjira, asamale kwambiri. Kwa iwo nyanja ili kumadzulo, ndiye zenera loyang'ana kumadzi limalandira dzuwa la madzulo pamodzi ndi kunyezimira kwa madziwo. Pamenepo pamafunika khonde lalikulu, zitseko zamatabwa za kunja, kapena mtengo wa mthunzi monga nimu kapena mango. Chotchinga cha kunja chimaposa katani, chifukwa katani imakumana ndi kutentha kutalowa kale m'nyumba.

Chachiwiri ndi katsegulidwe kake. Zenera lokankhira m'mbali limatseguka theka lokha, theka linalo ndi galasi lokhalokha. Zenera la timagalasi topendeketsa, lija amisiri amati louvre, limatseguka pafupifupi lonse, ndipo mungalisiye chotsegula pang'ono mvula ikugwa. Ndi mdzukulu wa roshan ameneyu, ngakhale ena amaliona ngati lachikale. Vuto lake ndi loti silitseka kwathithithi, fumbi la mwera limalowa, ndiponso pamafunika zitsulo zoteteza mbala. Zenera lotseguka ngati chitseko nalonso ndi labwino, chifukwa limakola mphepo yodutsa m'mbali mwa khoma. Mulimonse, chipinda chilichonse chikhale ndi polowera mphepo ndi potulukira pake, makamaka pa makoma awiri osiyana. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, choncho musalole mmisiri kusiya timabowo ta mpweya pamwamba pa mazenera.

Chachitatu ndi galasi lenilenilo. Galasi wamba loyera limalowetsa magawo oposa 8 mwa magawo 10 a kutentha kwa dzuwa limene laliwomba. Magalasi ophatikiza awiri, okhala ndi mpweya pakati, adapangidwira makamaka maiko ozizira kuti kutentha kusatuluke m'nyumba. Kwa ife amathandiza kwenikweni m'chipinda chokhala ndi makina oziziritsa, chomwe chimakhala chotseka nthawi zonse. Ngati mukugula magalasi apamwamba ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kuitanitsa ku Johannesburg, funsani nambala yotchedwa SHGC. Imayambira pa 0 kufika pa 1, ndipo ikakhala yotsika ndiye kuti kutentha kolowa n'kochepa. Aliponso magalasi otchedwa low-e, opakidwa mankhwala osaoneka obweza kutentha. Galasi lakuda kwambiri limadetsa m'nyumba, ndipo galasi looneka ngati kalilole limabisa za m'kati masana okha. Usiku mukayatsa getsi, wa panja ndiye amaona zonse. Safunsa adadya phula.

Pali chinthu chimodzi chimene sitingachisiye kuno kunyanja: udzudzu. Zenera lotsegula usiku popanda waya woteteza udzudzu ndi khomo la malungo. Ikani waya pa mazenera onse ndi pa timabowo ta mpweya, ndipo tsekani mpata wa pakati pa khoma ndi malata, chifukwa udzudzu woyambitsa malungo umakonda kulowera pamenepo. Dziwaninso kuti waya umachepetsa mphepo, motero zenera la waya likhale lokulirapo. Neti ya pabedi isachotsedwe ayi.

Ena adzati magetsi alipo, fani ichita zonse. Tikumbukire kuti magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mabanja adagona m'thukuta. Amene amadalira sola nawonso amadziwa kuti makina oziziritsa amadya magetsi oposa mafani khumi. Zenera loikidwa pamalo oyenera silifuna mayunitsi, ndipo lidzatumikira ana ndi zidzukulu.

Choncho musanagule felemu ngakhale imodzi, pitani pamalo panu nonse awiri, bambo ndi mayi, pamodzi ndi mmisiri. Pitani m'mawa, mukapitenso nthawi ya Asr. Onani kumene dzuwa likuchokera, imvani kumene mphepo ikuwombera, ndipo funsani anansi achikulire za mwera ndi mpoto wa pamalopo. Amayi anene za kukhitchini ndi za chipinda cha ana, popeza iwo ndiwo amatandala m'nyumbamo masana onse. Kusuntha zenera papepala n'kwaulere, koma khoma likafika pa lintala, kulisuntha kumafuna nyundo, simenti ina ndi malipiro ena a mmisiri.