Kalata kwa mwana wopita ku Joni: kulemera kwa kettlebell yoyambira

Embangweni, Mzimba

Wokondedwa mwanawe,

Popeza tsiku lokakwera basi pa Jenda layandikira, ndipo zamveka pakhomo pano kuti masewera onyamula zitsulo ali m'gulu la zinthu zokayamba ku Johannesburg, bambo ako aona kuti ndi bwino kulemba za chitsulo chotchedwa kettlebell, makamaka za kulemera kumene woyamba kumene ayenera kusankha, pakuti mnyamata wopita ku Joni amadalira msana wake kuti apeze chakudya, lendi ndi ndalama zotumiza kumudzi.

Kettlebell ndi mpira wachitsulo wokhala ndi chogwirira pamwamba pake, ndipo imasiyana ndi zitsulo zina chifukwa kulemera kwake sikukhala m'chikhatho koma kumalendewera kupitirira dzanja. Chitsulochi chinachokera ku Russia, kumene amachitchula kuti girya, ndipo poyamba chinali mwala wa pasikelo poyeza mbewu m'misika. Muyeso wake unali pood, womwe ndi makilogalamu 16.38, n'chifukwa chake kettlebell zodziwika kwambiri zimalemera makilogalamu 16, 24 ndi 32, kutanthauza pafupifupi pood imodzi, imodzi ndi theka, ndi ziwiri.

Ngozi ya mnyamata wokulira kuno ndi yakuti mphamvu ali nazo kale. Munthu amene wasenzapo thumba la feteleza la makilogalamu 50 kuchoka pa ngolo kupita m'nyumba, kapena kunyamula chigubu cha madzi cha malita 20, chomwe kulemera kwake ndi makilogalamu 20, akaona chitsulo cholembedwa 16 amachiyesa cha ana, ndipo dzanja lake limathamangira pa 24, makamaka anzake akamayang'ana. Koma thumba limakhala phee paphewa, pafupi ndi msana, pomwe kettlebell imayenda. Pa masewera otchedwa swing, munthu amapinda m'chiuno, chitsulo n'kudutsa pakati pa miyendo, kenaka amawongoka mwamphamvu mpaka chitsulocho chifike pa msinkhu wa chifuwa. Ndipo chikamabwerera pansi ndi liwiro chimakoka mwamphamvu kuposa kulemera kwake kolembedwa. Mphamvu yobweza kukokako iyenera kuchokera m'matako ndi kumbuyo kwa ntchafu, koma chitsulo chikalemera kuposa luso la mwini wake msana umapindika ndipo katundu yense amagwera pa mafupa a m'munsi mwa msana.

Aphunzitsi ambiri a masewerawa amalangiza mwamuna wathanzi kuyamba ndi makilogalamu 16, kapena 12 ngati sanazolowere kukweza zinthu pamwamba pa mutu, ndipo mkazi kuyamba ndi 8 kapena 12. Manambalawa ndi poyambira chabe, ndipo amene amagamula ndi mkono wofooka, womwe kwa ambiri ndi wamanzere. Woyamba aime chilili, aike chitsulo pachifuwa pafupi ndi phewa, n'kuchikankhira m'mwamba mpaka chigongono chiwongoke. Ngati wachita zimenezi kasanu osapendekera kumbali, osapindikira chagada ndiponso osadzithandiza ndi mawondo, chitsulocho n'chake, koma ngati thupi layamba kupotoka ulendo wachitatu, atsike ndi makilogalamu 4 popanda manyazi. Asanayambe swing aphunzire kudzutsa chitsulo pansi pang'onopang'ono, chiuno chikubwerera m'mbuyo msana uli wowongoka, pakuti kupinda kumeneku ndiko maziko a zonse.

Kupepuka kopitirira nakonso kuli ndi vuto lake, ngakhale anthu salitchula kawirikawiri. Mwamuna wozolowera khasu akatenga makilogalamu 6 kapena 8 amachita swing ndi mikono yokha, chifukwa chitsulocho sichimukakamiza kugwiritsa ntchito chiuno, ndipo chizolowezi choipacho amapita nacho ku chitsulo cholemera, kumene chimakamupweteka mapewa. Miyendo ndi chiuno zimatha katundu woposa wa mkono umodzi, choncho si zachilendo kuti munthu yemweyo achite swing ndi 16 koma akweze 12 pamwamba pa mutu.

M'nyumba zochitira masewera olimbitsa thupi, zomwe achinyamata amati jimu, kettlebell za mpikisano zimakhala zofanana kukula ngakhale zisiyane kulemera, ndipo zimadziwika ndi mtundu: yabuluu ndi 12, yachikasu ndi 16, yobiriwira ndi 24, yofiira ndi 32. Choncho maso asapusitsidwe ndi kukula. Pokwera, munthu aonjezere makilogalamu 4 okha, atatha milungu ingapo chitsulo chakale chikumumvera mpaka kumapeto kwa masewera, chifukwa kuchoka pa 16 kulumphira pa 24 ndiko kuonjezera theka lonse la katundu tsiku limodzi.

Ndalama zikachepa, mtima umafuna kuumba chitsulo cha simenti m'chitini, monga anyamata amachitira m'makwalala a pa boma la Mzimba. Choumba chotere chiyambe chaikidwa pa sikelo, pakuti kulemera kongoyerekeza kumanama, ndipo chisaponyedwe m'mwamba pa swing ngati chogwirira chake changomizidwa m'simenti, chifukwa chikhoza kuzuka chitsulo chili m'malere.

Makolo ako akudera nkhawa kwambiri za ichi: ambiri amene amafika kumene ku Joni amayamba ndi maganyu a zomangamanga, a m'minda ya maluwa kapena otsitsa katundu, ndipo pa ntchito zotere tsiku logona ndi msana silikhala ndi malipiro. Tsiku limene thupi latopa ndi ganyu wolemera, chitsulo chipume. Kuphwanya kwa minofu kotsatira masewera kumatha pakapita masiku ochepa, koma ululu wobaya m'munsi mwa msana, makamaka wotsikira m'mwendo kapena wobwera ndi dzanzi, ukufunika kusiya masewera nthawi yomweyo n'kupita kuchipatala, osati kumwa mapiritsi opha ululu n'kupitiriza.

Mayi ako ndi alongo ako akupereka moni, ndipo akupempha uthenga basi ikangodutsa pa Beitbridge.

Bambo ako