KU GEORGE, KUMENE ALENDO ANASANDUKA ENI MUDZI

Munthu akacoka pakati pa mzinda wa Lusaka kulowera kumadzulo, napyola Matero, amafika m'komboni ya George. Nyumba zake ndi zothithikana, tinjira take ndi tokhotakhota, ndipo pamsika pamamveka Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi pa nthawi imodzi. Dzina la malowa linacokera kwa mzungu amene anali mwini nthaka, George Hadjipetrou, monga momwe Marrapodi inatengera dzina la mzungu wa ku Italy wotentha laimu.

Mbiri ya George siingamveke bwino popanda kuyang'ana tsidya lina la njanji, kumayadi, kumene kunali kukhala azungu a ku Mangalande. Pamene likulu la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka m'caka ca 1935, mzindawu unali utakonzedwa kuti ukhale wa azungu, wa misewu yotakata ndi mitengo ya mthunzi. Koma ngakhale anali ndi nyumba zazikulu, minda ya maluwa ndi anchito ambiri, Angelezi oculuka mitima yao inali kwao. Anali kudandaula za pfumbi, za udzudzu, za makalata ocedwa, ndi za kutentha kwa mwezi wa October, umene anaucha mwezi wodzipha. Madzulo anali kusonkhana kukalabu, kumvera wailesi ya BBC ndi kuwerenga manyuzipepala a ku London amene anali kufika nkhani zitazizira kale. Dandaulo lina losatha linali la anchito: khukhi wapsereza nyama, wa m'dimba wacedwa kufika.

Kupukwa kwa azunguwa kunali ndi mankhwala ake. Wa nchito ya Boma akatha zaka zingapo anali kupatsidwa chuti ca miyezi, nakwera sitima ya pamtunda kunka ku Cape Town, kumene anali kukwera ya pamadzi yopita ku Southampton. Ena anayesa kusenza Mangalande yense kudza naye kuno. Sir Stewart Gore-Browne anamanga cinyumba ca maonekedwe a Cingelezi ku Shiwa Ng'andu, pakati pa dziko la Abemba.

Khukhi ndi wa m'dimba aja naonso anali alendo. Anacokera ku Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata, ku Petauke, ku Katete, ena ku Nyasaland. Naonso anali kupukwa nkhokwe za kwao, manda a makolo ndi gule wa pabwalo, koma panalibe wowalipirira ulendo, ndipo madandaulo ao panalibe wowamvera. Lamulo la atsamunda linali kuwaona ngati odzagwira nchito cabe. Anali kuyenda ndi citupa, ndipo nyumba inali kuyendera pamodzi ndi nchito: nchito ikatha, nyumbanso yatha. Ndico cifukwa cake ambiri anapita kwa azungu a mapulazi a m'mbali mwa mzinda, nalipira ndalama pang'ono kuti aloledwe kuumba zidina ndi kumanga kanyumba. Umu ndimo George inayambira.

Dziko litalandira ufulu pa 24 October, 1964, citupa cinatha mphamvu, ndipo anthu anakhamukira ku George mwaunyinji. Komboniyi inakula popanda mipope, misewu ngakhale cilolezo. M'caka ca 1974 Boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni otere, lopatsa mwini nyumba cikalata ca zaka 30, ndipo ndi ngongole ya ku World Bank linayamba kulambula misewu ndi kuika mipope ku George, Chawama, Chaisa ndi kwina. Amene nyumba zao zinagwa m'njira ya msewu anapatsidwa malo atsopano pafupi. Malowa anapatsidwanso dzina la Mwaziona, koma pakamwa pa anthu panakhalabe George. Nthenda ya kolera itasautsa Lusaka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, dziko la Japan linathandiza kukumba zitsime zakuya ndi kumanga matanki a madzi.

Nanga odandaula aja anathera kuti? Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ambiri mwa azungu amene anali m'dziko muno pa nthawi ya ufulu anacoka, ena kubwerera ku Mangalande, ena kunka ku Rhodesia, South Africa ndi Australia. Codabwitsa ndi cakuti atafika kumene anali kulakalaka, anayambanso kupukwa kuno. Anapeza mitambo, cisanu ndi tinyumba ting'onoting'ono topanda wanchito, nayamba kusimba za dzuwa la Afrika ndi pfungo la mvula yoyamba. Cifukwa nkhani yao iliyonse inali kuyamba ndi mau akuti pamene tinali ku Rhodesia, anzao anawapatsa dzina lacipongwe lakuti "When-we". Ocepa amene analeka kuwerenga masiku ndiwo anamera mizu. Gore-Browne anamwalira m'caka ca 1967 naikidwa ndi ulemu wa Boma la Zambia, ndipo Guy Scott, wobadwira ku Livingstone mu 1944 kwa makolo a ku Britain, anagwirizira udindo wa Mtsogoleri wa dziko kuyambira October 2014 kufikira January 2015.

Akulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo palibe angatsutse mau amenewa. Nkhalamba za ku George zikali kutumiza ndalama za feteleza kumudzi, ndipo maliro akagwa ku Katete zimakwera basi. Mavuto naonso sanathe: dzinja likafika madzi amasefukira m'makwalala, ndipo acinyamata ambiri alibe nchito. Anthu a ku George amadandaula ndithu, koma amadandaula monga eni nyumba, ali ndi fosholo m'manja, akukonza ngalande. Adzukulu a akhukhi aja anabadwira pomwepa, ndipo akafunsidwa kwao amayankha mosacedwa kuti ndi ku George.